Pulojekiti ya makolo ndi ana kunyumba: momwe zikuyendera teremu ino

Anzanga amene tikugwira limodzi ntchitoyi, ndi ena nonse amene mwakhala mukufunsa kuti kodi zija zafika pati, ndasonkhanitsa pano zomwe ndakhala ndikulemba kuyambira pomwe tinayamba. Sindinazikonze kwambiri, ndazisiya mmene ndinkazilembera nthawi imeneyo.

Teremu isanayambe

Tagwirizana tsopano kuti pulojekitiyi ndi ya chani. Tikufuna kuti zomwe mwana wa pulayimale waphunzira m'kalasi masana zisamathere pa geti la sukulu, zizikafikanso kunyumba madzulo, ndipo kholo lizidziwa chochita nazo. Basi. Sitikutsegula sukulu yachiwiri ayi, ndipo ndakanitsitsa maganizo aja oti tiziwapatsa makolo manotsi a sabata yonse kuti azikaphunzitsa okha, chifukwa kholo lomwe laweruka ku ntchito litatopa silingatenge choko kumayambanso phunziro, ndipo olo litayesa likhoza kungomusokoneza mwana ndi njira ina yosiyana ndi ya aphunzitsi ake.

Chomwe chikutikankha ndi chodziwika. Mu 2019 World Bank ndi UNESCO anatulutsa chiwerengero choti ana 53 pa 100 aliwonse m'mayiko osauka ndi apakatikati amafika zaka 10 asakutha kuwerenga kankhani kosavuta n'kukamvetsa, ndipo mu 2022, masukulu atatsekedwa nthawi yaitali chifukwa cha COVID-19, anati chiwerengerocho chakwera kufika pafupifupi 70. Ambiri mwa ana amenewa amapita kusukulu ndithu, m'kaundula alimo, koma zophunzirazo sizikukhazikika.

Tisanalembe pulani tinayamba kaye tacheza ndi makolo, aliyense payekha, osati pa msonkhano chifukwa pa msonkhano amayankhula ndi omwewo omwewo. Zomwe tinamva zikufanana kwambiri. Ena akuti nthawi palibe. Ena akuti masamu a masiku ano sakuwamva, mmene ankaphunzirira iwo ndi zina. Mayi wina anangonena mosabisa kuti iye sadziwa kuwerenga ndiye akaona mwana watulutsa kope amangochokapo kuti asachite manyazi. Ndipo ambiri ndithu anadandaula kuti nthawi ya homuweki imathera m'kulira. Palibe olo mmodzi amene anati alibe nazo ntchito za sukulu ya mwana wake, ndipo izi ndikufuna tizizikumbukira tikamamva anthu akunena kuti makolo salabadira.

Sabata zoyambirira

Tayamba ndi kuona pomwe mwana aliyense ali. Tabwereka njira ya bungwe la Pratham la ku India, lomwe lakhala likuyesa ana m'makomo mwawo kuyambira 2005 pa kafukufuku wawo wa ASER. Ndi pepala limodzi chabe: zilembo, kenako mawu, kenako kandime kakafupi, pomaliza kankhani. Mwana amayambira pa kandime, akatha umamukweza ku kankhani, akalephera umamutsitsa ku mawu, mpakana upeze pomwe akuima bwinobwino. Sizitenga nthawi ndipo sizikufuna munthu wa digiri.

Apa ndiye panatuluka zinthu. Pali ana a sitandade 4 omwe ukawapatsa buku lawo la m'kalasi "amawerenga" tsamba lonse osadodoma, koma ukawapatsa mawu omwewo atalembedwa pa pepala lina amangoyang'ana. Analoweza pomva anzawo akubwereza m'kalasi. Makolo awo sankadziwa, nanga akanadziwa bwanji poti mwana akatenga buku mawu amatuluka? Bambo wina anakhala chete kwa nthawi yaitali ataona zimenezi, ndinachita kumuuza kuti si kuti mwana wanu ndi wopusa ayi, kuloweza tsamba lonse ndi mutu wogwira ntchito umenewo, chomwe chasowa ndi kulumikiza chilembo ndi liwu lake, ndipo chimenecho chimaphunzitsika.

Kwa amene mukapange zoyesazi kwina: musamuyese mwana pamaso pa abale ake kapena anzake, ndipo mawu oti "mayeso" osawatchula n'komwe. Ife timangoti tiye tiwerengere limodzi. Komanso zotsatira timauza kholo lokha, sitiika pa gulu.

Nkhani ya kuwerenga

Apa ndi pomwe ndathera nthawi yambiri ndipo ndilembapo motalikirapo.

Titapempha makolo kuti atiwonetse mmene amachitira mwana akamawerenga, pafupifupi onse amachita chinthu chimodzi: mwana akangododoma pa liwu, kholo lamuuza kale liwulo pompo. Amachita mwachikondi ndithu, safuna kumuona akuvutika, ena n'chifukwa chofulumira kuti zithe. Koma mwana amazolowera, akafika pa liwu lovuta amangodzutsa mutu kuyang'ana nkhope ya kholo m'malo moyang'ana zilembo. Ndiye kuti ntchito yonse yowerenga akugwira ndi wamkulu, mwana akungobwereza.

Ndiye tikuphunzitsa njira ina yomwe inayambira ku New Zealand, yomwe kwenikweni ndi yoti dikira, thandiza pang'ono, yamikira. Mwana akaima pa liwu, kholo likhale chete masekondi asanu, kuwerenga chamumtima. Masekondi asanu amamveka ochepa koma yesani muone, pakamwa pamayabwa. Nthawi zambiri mwana amalipeza yekha liwulo nthawiyo isanathe. Akapanda kulipeza, osamuuza kaye, mupatseni kothandizira: likuyamba ndi chilembo chanji? tiye tiliduledule m'maphatikizo, phatikizo loyamba likuti bwanji? Akayesa kangapo osatheka ndiye muuzeni basi n'kupitirira, kuti nkhani isafe. Ndipo akadzikonza yekha, mwachitsanzo wawerenga molakwika kenako wabwerera yekha n'kukonza, pamenepo ndiye poyamikira kwambiri, chifukwa zikusonyeza kuti akumvetsera zomwe akuwerengazo ngati zikupanga nzeru.

Chinanso chomwe tawonjezera ndi kufunsa akamaliza. Osati mafunso a mayeso aja, koma ocheza: ndiye chinachitika n'chani? iwe ukanakhala iyeyo ukanatani? ukuganiza kuti kutsogoloku zitha bwanji? Mu 2000 gulu la akatswiri ku America lotchedwa National Reading Panel linatchula zinthu zisanu zomwe kuwerenga kumaimapo, kumva maliwu m'mawu, kulumikiza maliwu ndi zilembo, kuwerenga mosadodoma, kudziwa mawu ambiri, ndi kumvetsa nkhani. Ine ndikaziyang'ana zisanuzi ndimaona kuti kulumikiza zilembo ndi maliwu ndi ntchito yomwe aphunzitsi ayenera kutsogolera mwadongosolo, koma kudziwa mawu ndi kumvetsa nkhani zimakula kwambiri pa kucheza, ndipo m'kalasi ya ana ochuluka mphunzitsi sangacheze ndi mwana aliyense payekha olo atafunitsitsa bwanji. Kunyumba n'kotheka. Mphindi 10 zomwe mwana akuwerenga mokweza munthu wamkulu akumumvetsera iye yekha, mwina sabata yonse kusukulu sanazipezeko.

Vuto lomwe tidakali nalo ndi zowerenga zoyenera msinkhu. Buku la m'kalasi nthawi zambiri limakhala patsogolo pa mwana amene watsalira, ndiye akaliwerenga amadodoma liwu lililonse n'kugwa ulesi. Tayamba kulemba tokha tinkhani tatifupi, ziganizo zochepa, zilembo zikuluzikulu, ndipo tina tikulemba kuchokera pakamwa pa ana eni ake, mwana amafotokoza zomwe anachita dzulo ife n'kulemba momwe wanenera kenako n'kumupatsa kuti awerenge. Timeneti ndi tomwe akukonda kuposa tina tonse, amafuna kuwerengera aliyense wobwera pakhomo.

Mameseji

Mameseji omwe timatumiza Lolemba lililonse sakuwerengedwa mokwanira. Pa gulu la WhatsApp amakwiririka ndi zina, ndipo ena alibe foni ya intaneti, ena foni imakhala ndi munthu amene sakhala pakhomo madzulo.

Sizodabwitsa kwenikweni. Ku Botswana mu 2020 masukulu ali otseka, bungwe la Young 1ove linayesa njira ziwiri, mabanja ena ankangolandira meseji ya mafunso a masamu sabata iliyonse, ena ankalandira meseji yomweyo kuphatikizapo kuimbiridwa foni kwa mphindi pafupifupi 20 kuti akambirane mafunsowo ndi kholo ndi mwana. Omwe anapindula mooneka ndi oimbiridwawo, meseji payokha sinasinthe zambiri. Ndiye ifenso tagawana mabanja, aliyense wa ife ali ndi ake owaimbira kapena kuwayendera, ndipo meseji taifupikitsa kwambiri, ikungonena chinthu chimodzi chomwe ana aphunzira sabata imeneyo ndi chinthu chimodzi chochita kunyumba. Kwa osawerenga tikutumiza ya mawu.

Makolo osadziwa kuwerenga

Mayi uja amene ankachokapo mwana akatulutsa kope wakhala akundizungulira m'mutu kuyambira tsiku lija, chifukwa pulojekiti ikangothandiza makolo ophunzira okhaokha ndiye kuti tikungokulitsa mpata womwe ulipo kale pakati pa ana. Ndipo si iye yekha, tili ndi agogo angapo omwe akulera zidzukulu, ena maso anafooka, ena sukulu sanapiteko.

Chomwe tawapatsa ndi chiganizo chimodzi chonena kwa mwana madzulo: tandiphunzitsa zomwe mwaphunzira lero, kope utseke. Osati "kusukulu kunali bwanji" chifukwa yankho lake ndi "bwino" basi nkhani yatha. Koma tandiphunzitsa. Mwana amayenera kukumba m'mutu mwake, kupeza zomwe aphunzitsi ananena, kuzikonza kuti zimveke kwa munthu wina. Akamaliza atsegule kope aone chomwe waiwala, n'kuwonjezera.

Izi zikuoneka zazing'ono koma pansi pake pali nkhani yolimba. Hermann Ebbinghaus wa ku Germany anasonyeza kale mu 1885 kuti chinthu chatsopano chimaiwalika mothamanga kwambiri m'maola ndi masiku oyambirira, kenako kuiwalako kumachepa liwiro, ndipo kubwereza motalikanitsa masiku kumathandiza kuposa kubwereza kambirimbiri nthawi imodzi. Kenako mu 2006 Henry Roediger ndi Jeffrey Karpicke anayesa ophunzira a ku yunivesite, ena anawerenga ndime mobwerezabwereza, ena anawerenga n'kutseka n'kuyesa kukumbukira. Patangopita mphindi zisanu obwereza aja ndi omwe anachita bwino, koma patatha sabata okumbukira aja anawapitirira. N'chifukwa chake kungoyang'ana m'kope kumanyenga, mwana amaona ngati akudziwa chifukwa zonse zikuoneka zozolowereka, koma sanayese kuzitulutsa yekha. Ndiye agogo amene sadziwa olo chilembo chimodzi akamati tandiuza, n'kufunsanso Lachisanu zomwe mwana anawauza Lachiwiri, akuchita chinthu chenicheni chomwe chimakhazikitsa maphunziro m'mutu.

Agogo ena atiuza kuti mdzukulu wawo tsopano amachita kuwakhazika pansi, iye n'kuimirira ngati aphunzitsi, akalakwitsa dala iwo amawakonza mwaukali ndithu. Ndawalimbikitsa kuti azilakwitsa dala kawirikawiri.

Funso lina lomwe labwera kangapo ndi la chiyankhulo, poti ana ena kusukulu amaphunzira m'chiyankhulo chosiyana ndi cha pakhomo, makolo akufunsa ngati azisiya chawo kuti asamusokoneze mwana. Yankho lathu ndi ayi, musasiye. Mwana akatha kufotokoza phunziro m'chiyankhulo cha pakhomo ndiye kuti walimvetsa zenizeni, sanangoloweza mawu a aphunzitsi. UNESCO yakhala ikunena kuyambira 1953 kuti mwana amayamba bwino maphunziro m'chiyankhulo chomwe amachidziwa. Ndiye nthano, zilapi, kucheza za tsiku, zonsezo zipitirire m'chiyankhulo chomwe kholo limamasuka nacho.

Pakati pa teremu: masamu

Masamu ativuta kuposa kuwerenga, ndinene zoona, chifukwa apa ndi pomwe makolo ali ndi mantha awoawo a kalekale. Ambiri amayamba ndi kunena kuti ine masamu sindinkawatha, ndipo amanena mwana ali pompo akumva. Tawapempha kuti mawu amenewa asiye kuwanena pamaso pa ana, chifukwa mwana amangotenga kuti kwathu kuno masamu si athu, n'kusiya kuyesa asanayambe.

Pomwe ana ambiri akugwera ndi pa kuchotsera kobwereka. Upatse mwana 52 kuchotsa 27, akulembera 35. Poyamba umaona ngati wangolota, koma ayi, pali nzeru yake: waona 2 ndi 7, waona kuti 2 sangachotse 7, ndiye watembenuza n'kupanga 7 kuchotsa 2, wapeza 5, kenako 5 kuchotsa 2 wapeza 3. Ana osiyanasiyana akulakwitsa mofanana ndendende. Chomwe chasowa ndi kumvetsa kuti 5 uja si 5 wamba, ndi mateni asanu, ndipo teni imodzi ukhoza kuimasula kukhala mawani 10.

Ndiye tabwerera ku timitengo. Mwana amatola timitengo, kumanga 10 pamodzi ndi kachingwe kapena labala, mitolo isanu ndi tiwiri tapadera ndiye 52 ameneyo. Umuuze achotse 27. Amayamba kufuna kuchotsa 7 pa tiwiri tija, sizikutheka, amakhala kaye, kenako yekha amamasula mtolo umodzi. Nthawi imene akumasula kachingwe kaja ndi pomwe kubwereka kumalowa m'mutu, ndipo ndaona nkhope za makolo nawonso zikusintha, bambo wina anati iye wakhala akudula nambala n'kulemba ka 1 pambali moyo wake wonse osadziwa kuti kamachokera kuti. Akatero ndi timitengo kwa masiku angapo timamuuza ajambule mitolo pa pepala, kenako ndiye alembe manambala okha. Ndondomeko imeneyi, kugwira ndi manja, kujambula, kenako manambala, inachokera ku maganizo a Jerome Bruner a zaka za m'ma 1960 ndipo ndi yomwe masukulu a ku Singapore amadziwika nayo. Sikufuna kugula kanthu, timiyala, mabatani, zotsekera mabotolo, zonse zimagwira.

Panabuka kusamvana pang'ono ndi mmodzi wa aphunzitsi, ankadandaula kuti ana akubwera ndi njira zachilendo zomwe makolo awaonetsa, mwana n'kumakangana nawo m'kalasi kuti adadi anati tizipanga chonchi. Ndipo dandaulo lawo ndi lomveka. Tagwirizana kuti pa kalembedwe ka samu, kholo lizitsata chitsanzo chomwe chili m'kope la mwana, likapanda kuchimva limufunse mwanayo kuti aphunzitsi anapanga bwanji, ndipo zikakanika onse awiri alembe kachizindikiro pambali kuti apa tinakanika. Njira ya kholo ikhoza kubwera pambuyo mwana atagwira kale ya m'kalasi.

Matebulo tikuchita pang'onopang'ono, tebulo imodzi kwa masiku angapo, kufunsana poyenda kapena pogwira ntchito za pakhomo, mosakaniza osati motsatana, chifukwa mwana amene amangodziwa kuimba kuyambira pa 1 ukamufunsa 7 kuchulukitsa ndi 6 amayambira pansi kukwera.

Homuweki ndi misozi

Sabata ino yandipweteka mtima. Mwana wina anabwera ndi homuweki yolembedwa bwino kwambiri, zonse zokhoza, koma zolemba zake zinali za munthu wamkulu. Titacheza ndi mayi ake anati ankaopa kuti mwana akalangidwa akapita ndi kope lopanda kanthu, ndipo atayesa kumuthandiza mwana anangolira mpaka usiku ndiye anangotenga pensulo kulemba okha. Sindinawadzudzule. Koma ndinawafotokozera kuti homuweki yolakwika ndi uthenga wopita kwa aphunzitsi woti apa mwana sanamve, ndiye mukaikonza inu uthengawo sufika, aphunzitsi amapitirira poganiza kuti zonse zili bwino.

Palinso makomo omwe nthawi ya homuweki pamakhala kukalipa, pena ndi kukwapula komwe. Apa sindinyengerera. Mwana amene ali ndi mantha mutu wake umakhala pa dzanja la kholo, osati pa samu, ndipo chomwe amaphunzira n'choti buku ndi chinthu chobweretsa mavuto. Tauza makolo kuti mukaona mtima wayamba kutentha, tsekani kope, imirirani, mubwererenso nthawi ina kapena mawa. Palibe homuweki yomwe ili yofunika kuposa kuti mwana azimasuka kukuuzani kuti sindikumva.

Pa kuchuluka kwake, Harris Cooper wa ku Duke University amene wafufuza za homuweki kwa zaka zambiri anapeza kuti kwa ana a pulayimale kuchuluka kwa homuweki sikugwirizana kwambiri ndi kukhoza, phindu lake limaoneka bwino akafika ku sekondale. Lamulo lomwe limatchulidwa kawirikawiri ndi la mphindi 10 pa kalasi iliyonse, ndiye kuti wa sitandade 1 mphindi 10, wa sitandade 3 mphindi 30, choncho. Tagawira aphunzitsi ndi makolo omwe zimenezi, ndipo tagwirizana kuti nthawi ikakwana mwana akuyesetsa koma sanamalize, kholo lijambule mzere pomwe wafika n'kusayina kapena kudinda chizindikiro, ndipo mwanayo asalangidwe. Aphunzitsi ambiri avomera, ena akuganizirabe.

Takambirananso za kayamikiridwe. Mu 1998 Claudia Mueller ndi Carol Dweck anachita kafukufuku ndi ana a zaka za m'ma 10, ena atakhoza anauzidwa kuti ndiwe wanzeru, ena anauzidwa kuti walimbikira. Oyamikiridwa nzeru aja pambuyo pake ankasankha ntchito zosavuta ndipo atakumana ndi zovuta anagwa mphwayi msanga. Ndiye tikupempha makolo kuti azitchula chomwe mwana wachita, ndaona wabwerera wekha pa liwu lija, ndaona unajambula kaye mitolo usanalembe. Komanso kufananiza ana, mkulu wako pa msinkhu wako ankawerenga kale, zimenezo zithe, sizinathandizepo mwana aliyense amene ndamuonapo ine.

Zazifupi

Ana awiri atatu omwe tinkaona ngati ndi ochedwa kumva, zapezeka kuti mwina ndi maso. Amatsinzinira poyang'ana pa bolodi, amayandikitsa buku kumaso, amakopera zolakwika. Tauza makolo awo kuti akawapimitse, ndipo tapempha aphunzitsi awakhazike kutsogolo pakadali pano. Chimodzimodzi mwana amene amangoti "eti?" kawirikawiri, makutu akaonedwe.

Tulo nato. Madokotala a American Academy of Sleep Medicine amati mwana wa zaka 6 mpaka 12 azigona maola 9 mpaka 12. Titafunsa tapeza kuti ena amagona mochedwa kwambiri chifukwa cha TV kapena foni ya makolo, ena chifukwa cha ntchito za pakhomo zomwe zimagwera makamaka atsikana. Izi tazikamba ndi banja lililonse palokha.

Mbali ya aphunzitsi ndi abambo

Kapepala ka sabata kayamba kuyenda bwino. Lachisanu mphunzitsi aliyense amatiuza m'mizere iwiri zomwe adzaphunzitse sabata yotsatira, ife n'kusandutsa kukhala chochita cha kunyumba. Poyamba tinkawapempha zambiri ndipo ankachedwa kutumiza, n'zomveka, anthuwa ali ndi makope osawerengeka ochonga. Titachepetsa kufika pa mizere iwiri palibe amene akudumphitsa. Ndipo uthenga wayamba kuyenda mbali zonse, mphunzitsi wina wandiuza kuti akaona zizindikiro za "apa tinakanika" zachuluka pa samu imodzi amadziwa kuti aibwereze m'mawa asanapitirire. Chimenechi sitinachiganizire poyamba koma mwina ndiye phindu lalikulu lomwe taona mpaka pano.

Abambo ndi omwe akusowabe. Pa misonkhano amabwera amayi ndi agogo aakazi, abambo owerengeka. Sindikukhulupirira kuti safuna, omwe tacheza nawo paokha ali ndi chidwi ndithu, koma nthawi ya misonkhano imawapeza ali ku ntchito ndipo ena amaona ngati za homuweki si gawo lawo. Tayamba kuwaimbira mwachindunji m'malo modutsira kwa amayi, ndipo tikuwapatsa chinthu chawochawo, monga matebulo aja kapena kumvetsera kankhani Loweruka. Omwe amagwira ntchito kutali tawauza kuti mwana akhoza kuwawerengera pa foni. Azichimwene ndi azichemwali a ana nawonso akuthandiza kwambiri, bola kuwaphunzitsa kudikira kuja, chifukwa iwo ndiye amafulumira kuuza mayankho kuposa makolo.

Kumapeto kwa teremu

Tabwerezanso kuyesa kuja ndi pepala lina la mulingo womwewo. Ana ambiri asuntha, omwe anali pa zilembo ena afika pa mawu, ena a pa mawu akuwerenga kandime. Koma ndisanamize munthu kuti zonsezi ndi chifukwa cha ife, anawa akhalanso m'kalasi teremu yonse, aphunzitsi akugwira ntchito yawo, ndipo tilibe gulu lina lofananitsa nalo. Chomwe ndinganene motsimikiza n'chomwe ndaona ndi maso, kuti m'makomo momwe chizolowezi cha madzulo chakhazikika ana akutulutsa okha makope osachita kukakamizidwa, ndipo makolo akubwera kwa aphunzitsi ndi mafunso enieni, osati kungofunsa kuti wakhala nambala chani.

Alipo ana ochepa omwe sanasunthe olo pang'ono ngakhale makolo awo akuyesetsa tsiku ndi tsiku. Amenewa akundidetsa nkhawa, ndipo sindikufuna kuti makolo awo azidziimba mlandu kapena kuwonjezera maola. Mwana amene akuphunzitsidwa bwino, akuthandizidwa kunyumba, koma zilembo ndi maliwu sizikugwirana mpaka pano, akufunika kuonedwa ndi mphunzitsi wodziwa za ana ovutika kuphunzira. Talemba mayina awo ndipo tikambirana ndi ahedi sukulu isanatseke.

Alipo mabanja enanso omwe tawataya pakati pa teremu, anasiya kuyankha foni. Ena anasamuka, ena kunagwa matenda pakhomo. Tiwayendera tisanaganize chilichonse.

Pa holide sitipereka ntchito yolemba. Banja lililonse litenga tinkhani tingapo ta mulingo wa mwana wawo, n'kumasinthana ndi mabanja oyandikana nawo akamaliza, chifukwa tilibe tokwanira aliyense. Amene muli ndi luso lolemba chonde tithandizeni, tikufuna kwambiri tinkhani ta ana omwe angoyamba kuphatikiza maphatikizo, ziganizo zosapitirira mawu asanu kapena asanu ndi limodzi, ndipo musaiwale kusiya malo oti mwana ajambulepo chithunzi. Teremu ikubwerayi tikufuna kuwonjezera kulemba, poti mpaka pano tangolimbana ndi kuwerenga ndi masamu, komanso mafulakishoni omwe aphunzitsi a sitandade 4 atichenjeza kale kuti ndi pomwe ana ambiri amatayikira. Ndikufunanso tipeze makolo awiri kapena atatu mwa omwe agwira bwino njirayi kuti ndiwo aziphunzitsa anzawo atsopano, ndipo mayi uja amene ankachokapo mwana akatulutsa kope ndamufunsa kale, wati aganizire kaye ayankha sukulu ikatsegulira.